MALANGIZO AKASIYANA, MAYI AMVERE ATI?

Pa benchi yodikirira sikelo pamamveka nkhani zambiri, koma dandaulo limodzi silisowa: "A chipatala sachedwa kusintha. Dzulo ankanena china, lero akunena china. Nanga ife timve ziti?" Dandaulo limeneli si lachabe ayi. Zoonadi, malangizo ena a zaumoyo asintha kangapo m'zaka 30 zapitazi, ndipo alipo anthu amene anavutika nako kusinthako. M'phunziro la mwezi uno tiona nkhani imodzi imene mbali yake yaikulu inachitikira mu mzinda wa Lilongwe, ndiyo ya kayamwitsidwe ka ana obadwa kwa amayi amene ali ndi kachirombo ka HIV. Tidzakhudzanso mankhwala a malungo ndi katemera, kuti tione bwino chimene chimachititsa kuti malangizo asinthe, ndiponso chimene munthu ayenera kuchita pamene mawu awiri osiyana amufika m'khutu.

Tiyerekeze mayi wina wachitsikana wa ku Mitundu. Ali woyembekezera, ndipo ku sikelo amupeza ndi kachirombo. Anamwino amuuza kuti ayambe mankhwala tsiku lomwelo, ndi kuti mwana akadzabadwa adzamuyamwitse mpaka pafupi ndi zaka ziwiri. Atafika kumudzi aulula kwa mkulu wake, amene anabereka m'chaka cha 2006 ali ndi kachirombo komweko. Mkuluyo adabwa nati, "Iwe mng'ono wanga, wamva bwino koma? Ine anandiuza kuti ndimuletse bere mwana akangokwana miyezi 6. Ukamuyamwitsa nthawi yonseyo umupatsira." Azakhali awo, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10, nawonso aikapo lawo: kumene iwo amagwirako ana amamwa mkaka wa m'chitini, ndipo ndi onenepa bwino. Apongozi, amene sakudziwa kanthu za kachiromboko, akungoyembekeza kuti mdzukulu adzayamwa monga ana onse a m'mudzi, ndipo phala lamadzimadzi adzalilawa akadali wakhanda.

Mwa anthu onsewa palibe wabodza, ndipo palibe wofuna mwana zoipa. Mkulu uja akunena zimene anauzidwadi ku chipatala pa nthawi yake. Vuto lagona poti mayi wachitsikanayu ali ndi mawu anayi m'mutu, pamene mwana ndi mmodzi.

KUMENE LANGIZO LAKALE LINACHOKERA

M'zaka za m'ma 1980 madokotala anazindikira kuti kachirombo ka HIV kamapezeka mu mkaka wa m'mawere. Popanda mankhwala alionse, pa ana 100 obadwa kwa amayi amene ali ndi kachiromboka, ana a pakati pa 15 ndi 45 amakatenga, ena ali m'mimba, ena pobadwa, ena poyamwa. Ku maiko olemera yankho linali lapafupi: mayi asayamwitse konse, mwana amwe mkaka wa m'chitini. Koma mkaka wa m'chitini umafuna ndalama sabata ndi sabata, madzi aukhondo owiritsa, nkhuni kapena makala usana ndi usiku, ndiponso ziwiya zotsuka bwino nthawi zonse. Nyumba ya ku Area 10 kapena Area 43, imene ili ndi mpope m'kati ndi magetsi, ingathe zimenezi. Mayi wotunga madzi pa chitsime chosatetezedwa sangathe, ndipo botolo limene linanenepetsa mwana wa m'tauni lingamuphe mwana wake ndi matenda otsekula m'mimba.

Tsono m'chaka cha 2001 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linapereka langizo lamapazi awiri. Linati mayi amene angathe kupeza ndi kukonza mkaka wina mosavuta, mosalekeza ndi mwaukhondo, asayamwitse. Amene sangathe, ayamwitse mwakathithi miyezi yoyamba, kenaka aleke msanga. M'zipatala za kuno kwathu mawuwa anasanduka lamulo lodziwika bwino lija la miyezi 6. Nthawi imeneyo mankhwala a ma ARV anali asanafike kwa anthu ambiri, pakuti boma linayamba kuwapereka mwaulere m'chaka cha 2004. Anamwino analibe chida china chotetezera mwana woyamwa koma kufupikitsa masiku a bere.

Langizolo linali ndi nzeru yake, koma m'mudzi linali lolemera kulisenza. Kwathu kuno mwana amayamwa chaka ndi miyezi, ena zaka ziwiri. Mayi woletsa mwana bere pa miyezi 6 ankaonekera poyera ngati mbuzi yoyera pakati pa zakuda. Apongozi ankafunsa, anansi ankanong'onezana, ndipo nthawi zina bambo amene sanauzidwe kanthu ankadziwira pomwepo. Amayi ena ankanena ku sikelo kuti aleka, pamene usiku akuyamwitsabe. Enanso ankalekadi, koma kunyumba kulibe mkaka, dzira kapena nsinjiro zoti zilowe m'malo mwa bere, ndipo mwana ankatsala ndi phala la mgaiwa lokha. Panalinso amene anayesa kukondweretsa onse: pang'ono bere, pang'ono botolo, pang'ono phala, mwana asanakwane ndi miyezi itatu yomwe. Njira yosakaniza imeneyi ndiyo inali yoopsa kuposa zonse, chifukwa zakudya zina zikalowa m'mimba mwa khanda zimavulaza matumbo ake osakhwima, ndipo kachirombo ka mu mkaka kamapeza polowera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

ZIMENE ZINAPEZEKA KU BWAILA

Amene anafikako ku Lilongwe akuchidziwa chipatala cha Bwaila, chimene kale chinkatchedwa Bottom, kufupi ndi msika waukulu ndi depoti ya mabasi ku Old Town. Kuyambira m'chaka cha 2004 mpaka 2010, pa chipatala chimenechi pamodzi ndi zipatala za Kawale, Area 18 ndi Area 25, panachitika kafukufuku wotchedwa BAN, amene anatsata amayi 2,369 ndi ana awo. Amayi onsewa anali ndi kachirombo koma matupi awo anali akadali ndi mphamvu, ndipo onse analangizidwa kuyamwitsa mwakathithi ndi kuletsa ana bere pofika masabata 28. Anagawidwa m'magulu atatu. M'gulu loyamba mayi ankamwa ma ARV nthawi yonse yoyamwitsa. M'gulu lachiwiri mwana ndiye ankamwa mankhwala amadzi a nevirapine tsiku ndi tsiku. Gulu lachitatu linangolandira mankhwala a nthawi yobereka ndi sabata yoyamba, monga zinalili masiku amenewo.

Zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2010. Mwa ana amene analibe kachirombo ali ndi masabata awiri, m'gulu lachitatu lija pafupifupi 6 pa 100 alionse anali atakatenga pofika masabata 28. M'gulu la amayi omwa ma ARV anali pafupifupi 3 pa 100, ndipo m'gulu la ana omwa nevirapine sanafike ndi 2 pa 100 pomwe. Apa panaoneka poyera kuti mankhwala angathe kutseka njira ya kachirombo mwana akuyamwabe.

Ofufuzawo anaonanso chinthu china chimene chiyenera kutikhudza mtima. Atawatsata anawo mpaka masabata 48, anapeza kuti m'miyezi yotsatira kuleka bere matenda otsekula m'mimba, malungo, kupinimbira ndi imfa zinachuluka kuposa m'miyezi imene ankayamwa. Ku Lusaka, m'dziko la Zambia, kafukufuku wina wofalitsidwa m'chaka cha 2008 anali atasonyeza kale kuti kuletsa mwana bere mwadzidzidzi pa miyezi inayi sikunawonjezere chiwerengero cha ana okhala moyo opanda kachirombo. Amene anapulumuka ku HIV anabwezedwa ndi amene anafa ndi matenda ena. Ndipo ku Botswana, kumene boma linkapereka mkaka wa m'chitini mwaulere, mvula yamphamvu ya m'chaka cha 2006 inaipitsa madzi, ndipo ana mazanamazana anafa ndi matenda otsekula m'mimba, ambiri mwa iwo osayamwa.

Ndi umboni wotere langizo silikanakhala chikhalire. M'chaka cha 2010 WHO inati mayi amene ali ndi kachirombo ayamwitse kosachepera miyezi 12, iye kapena mwana akumwa mankhwala. M'chaka cha 2016 inawonjeza kuti angapitirize mpaka miyezi 24 kapena kuposa, malinga akumwa ma ARV mokhulupirika.

MALAWI ATSOGOLA, KOMA FUNSO LINA LIBADWA

Pakati pa zaka ziwirizi dziko lathu linachita chinthu chimene maiko ena anadzatengera pambuyo pake. Kale munthu wopezeka ndi kachirombo ankauzidwa kuti adikire mpaka chitetezo cha m'thupi chitsike, ndipo pankafunika makina oyezera CD4 amene zipatala zambiri za m'midzi zinalibe. Mu July 2011 Unduna wa Zaumoyo, umene likulu lake lili ku Capital Hill, unayambitsa njira yotchedwa Option B+, yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo, ndipo amwe moyo wake wonse, popanda kudikira makina. M'miyezi itatu ya April mpaka June 2011, amayi otere amene anayamba mankhwala anali 1,257. M'miyezi ya July mpaka September 2012 anafika 10,663. M'chaka cha 2013 WHO inaika njira imeneyi m'malangizo ake a dziko lonse.

Komabe apanso mawu atsopano anawombana ndi akale. Kwa zaka zambiri anthu anali atamva kuti ma ARV ndi a munthu wodwala, amene thupi latha. Tsopano mayi wamphamvu zake, wobwera ku sikelo atayenda yekha mtunda wautali, ankauzidwa m'mawa kuti ali ndi kachirombo ndipo masana ankabwerera ndi botolo la mankhwala a moyo wonse, asanakambirane ndi bambo kunyumba. Kafukufuku wa m'zipatala za m'dziko muno anapeza kuti pa amayi 100 oyamba njirayi, pafupifupi 17 sankaonekanso ku chipatala patatha miyezi 6. Sitingawaweruze msanga amayi amenewa. Ambiri sanakane mankhwala chifukwa cha mwano. Anali ndi langizo lakale m'mutu, ndipo panalibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera chifukwa chake lasintha. Pamenepa ife ogwira ntchito za umoyo tiyenera kuvomera mbali yathu. Mzere ukatalika, n'kwapafupi kunena chochita ndi kuitana wotsatira, kusiyana ndi kufotokoza chifukwa.

Tibwerere kwa mayi wa ku Mitundu uja. Choopsa chachikulu kwa mwana wake ndi chakuti mayi atenge theka la langizo latsopano ndi theka la lakale. Akayamwitsa zaka ziwiri koma mankhwala akumwa modumphadumpha, kachirombo kamachulukanso m'magazi ndi mu mkaka, ndipo mwana amakhala pa ngozi miyezi yonseyo. Akamwa mankhwala bwino koma n'kuletsa mwana bere pa miyezi 6 pomvera mkulu wake, wamulanda mwana chakudya ndi chitetezo popanda chifukwa. Langizo la lero limayenda lonse pamodzi: mayi amwe ma ARV tsiku lililonse osadumphitsa, ayezetse kuchuluka kwa kachirombo m'magazi pa masiku amene auzidwa, mwana alandire mankhwala omuteteza m'masabata oyamba, ndiponso Bactrim kuyambira pa masabata 6, ayamwe bere lokha miyezi 6, popanda madzi, phala kapena zitsamba, kenaka ayambe zakudya zina uku akuyamwabe mpaka pafupi ndi zaka ziwiri, ndipo aleke pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Mwana ayezedwe magazi pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Mawere akatupa kapena akachita zilonda, mayi apite ku chipatala msanga.

Mkulu wake angamuyankhe mwaulemu kuti, "Achemwali, inu munachita bwino pa nthawi yanu, pakuti mankhwala anali osowa. Ine andipatsa mankhwala, n'chifukwa chake njira yanga yasiyana ndi yanu."

NTHAWI ZINA AMASINTHA NDI MATENDAWO

Pa nkhani ya bere chimene chinasintha ndi nzeru za madokotala ndi kupezeka kwa mankhwala. Pa malungo chinasintha ndi kachirombo keniyeni. Achikulire akukumbukira kolorokwini, mankhwala owawa aja amene ena ankawayabwa thupi. Anagwira ntchito zaka zambiri, koma m'zaka za m'ma 1980 tizirombo ta malungo tinayamba kuwapirira, ndipo ana ankamwa osachira. M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kutenga SP, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Fansidar. Patapita zaka, tizirombo tinamuzoloweranso Fansidar, ndipo m'chaka cha 2007 boma linabweretsa LA.

Chodabwitsa n'chakuti kolorokwini atachotsedwa, tizirombo tomupirira tinayamba kuchepa. Kafukufuku wa ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, wofalitsidwa m'chaka cha 2006, anapeza kuti kolorokwini anachiza ana 99 pa 100 alionse, pamene SP anachiza 21 okha. Komabe boma silinamubwezere, pakuti maiko oyandikana nafe anali akadali ndi tizirombo topirira, ndipo udzudzu ndi anthu sizifunsa malire. Wina akamva theka la nkhaniyi angathamangire kukagula kolorokwini pa okala. Ameneyo waphonya, chifukwa mankhwala ovomerezeka a malungo wamba ndi LA, womwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi chakudya, ndipo amalizidwe onse ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri.

Apa pali mfundo imene imasokoneza amayi ambiri. Amva kuti Fansidar anasiya kuchiza malungo, koma akapita ku sikelo ali oyembekezera apatsidwa Fansidar yemweyo kuti amwe pamaso pa anamwino. Ena amawabisa m'tsaya n'kukalavula kuseri. Zoona zake n'zakuti kuchiza ndi kuteteza ndi ntchito ziwiri. Fansidar alibenso mphamvu yokwanira kuchiza mwana amene malungo amugwira kale, koma kwa mayi woyembekezera amathandizabe kuchepetsa kusowa kwa magazi ndi kubadwa kwa mwana wochepa thupi. Koma mayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV sapatsidwa Fansidar, pakuti mankhwala awiriwa ndi apachibale ndipo sayenera kuphatikizidwa. Chotero amayi awiri okhala benchi imodzi angalandire malangizo osiyana tsiku limodzi kwa namwino mmodzi, ndipo onse awiri n'kukhala olondola. Ndi mmenenso zilili ndi kutentha thupi: kale mwana aliyense wotentha thupi ankapatsidwa mankhwala a malungo, koma lero amayamba wayezedwa magazi pa chala, ndipo malungo akapanda kupezeka afunefune matenda ena. Kholo limene likwiya kuti "andibweza wopanda LA" likuyeza chipatala cha lero ndi muyeso wa dzana.

PAMENE AKULUAKULU OMWE ASIYANA MAWU

Sitingabise kuti nthawi zina kusiyana kumachokera kumwamba komwe. Kumapeto kwa March 2021 dziko lathu linalandira katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca wokwana 102,000 kudzera ku bungwe la African Union, ndipo tsiku lothera mphamvu lolembedwa pa mabotolo linali 13 April. Wambiri anabayidwa m'masiku ochepawo, koma wina anatsala. Mabungwe ena aakulu a zaumoyo poyamba anapempha maiko kuti asamutaye, poti mwina akanagwirabe ntchito miyezi ina. Mbiri itamveka kuti m'dziko muli katemera wotha masiku, anthu anayamba kuzemba malo obayira, ngakhale amene anali ndi katemera wabwino. Pa 19 May 2021 Unduna wa Zaumoyo unatentha poyera katemera 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Mayi Khumbize Kandodo Chiponda, ali pomwepo, kuti aliyense aone kuti wotha masiku sadzabayidwa munthu. Pofika nthawiyo WHO nayo inali itanena kuti katemera wopitirira tsiku lake achotsedwe. Katemera amene anapsa tsiku limenelo akanateteza anthu ambiri akanafika msanga; koma anthu akayamba kukayika, ngakhale mankhwala abwino amangokhala m'bokosi.

MUKAMVA MAWU AWIRI

Munthu wosokonezeka kawirikawiri amachita chimodzi mwa zitatu: amasakaniza malangizo, amasankha lopepuka, kapena amangosiya zonse n'kukhala pakhomo. Chachitatuchi ndicho chimapha mwakachetechete, chifukwa ku chipatala sadziwa n'komwe kuti munthuyo wasiya.

Langizo lililonse lili ndi tsiku lake lobadwa ndi mwini wake. Mukamva mawu osiyana ndi amene munauzidwa, yambani mwafunsa kuti wonenayo anawamva liti, ndipo anauzidwa ali ndi vuto lanji. Mawu a m'chaka cha 2006 anali a m'chaka cha 2006. Mawu opatsidwa kwa mnansi amene akumwa mankhwala ena si anu. Uthenga wobwera pa foni, wopanda dzina la mwini wake ndi tsiku, usakusiyitseni mankhwala amene munalandira m'manja mwa dokotala wokuyezani.

Kenaka bwererani nalo funsolo ku chipatala, ndipo musachite manyazi kunena kuti, "Adokotala, mwezi watha ndinauzidwa zakuti, lero mukunena zakuti, kodi chasintha n'chiyani?" Limeneli si funso lachipongwe, ndipo wogwira ntchito wabwino amalilandira, safunsa anadya phula. Tengani buku lanu la kuchipatala ulendo uliwonse, ngakhale mukupita ku chipatala china kapena cholipira, pakuti malangizo ambiri amasiyana chifukwa chakuti wachiwiri sanaone zimene woyamba analemba. Ngati mwagula mankhwala ena kapena mukumwa a zitsamba, nenani. Pemphani kuti langizo latsopano lilembedwe m'bukumo, ndipo musanatuluke libwerezeni ndi pakamwa panu kuti namwino amve ngati mwamva bwino. Pamene mukudikira yankho, musaleke mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a chifuwa chachikulu kapena a kuthamanga kwa magazi, pokhapokha ngati akutulutsani zidzolo thupi lonse, zilonda m'kamwa, chikasu m'maso kapena kubanika. Zikatero pitani ku chipatala tsiku lomwelo.

Ndipo popeza kunyumba mayi sasankha yekha za mwana, ndi bwino kuti bambo, kapena agogo amene mayi amawakhulupirira, apite nawo ku sikelo tsiku lina kuti akamve ndi makutu awo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angathenso kufika pakhomo kudzafotokozera banja lonse za kuyamwitsa mwakathithi, popanda kuulula za magazi a munthu aliyense, pakuti langizo la bere lokha kwa miyezi 6 ndi la ana onse, a mayi amene ali ndi kachirombo ndi amene alibe.